Thirenchi ya Alamu Anu

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa mlongo wanga,

Musanapitirize kuwerenga, yambani mwasamba m'manja, mukhale pampando wotsamira, adzukulu muwathamangitsire panja, chifukwa amene akukulemberaniyu si kamlongo kanu kaja munkakakoka khutu kakakana kusamba. Lero ndine Mkulu wa Zokumbakumba mumsewu wathu wonse, kuyambira pa golosale mpaka pa mtengo wamagetsi wopendekeka uja. Udindowu ndinadzipatsa ndekha, ndipo palibe anatsutsa, poti nthawi imeneyo aliyense anali ndi fosholo m'manja, mpweya ukumuperewera.

Ife kuno tadzuka, kaya inu kumeneko ndi maondo anu aja olosera mvula. Nkhani yoyamba ndi yabwino: opaleshoni ya chiuno ya alamu anu inayenda bwino. Madokotala anawaikamo kachitsulo, moti ndawachenjeza kuti akandilongololera kwambiri ndiitana ogula zitsulo zakutha adzawaike pasikelo. Koma dokotala analamula chinthu chimodzi, kuti ndowa ayi, asadzasenzenso moyo wawo wonse. Inu alamu anu mukuwadziwa. Ndowa ikakhala yopanda madzi imawaitana ndi dzina, ndipo mpopi wa tonse uli kumapeto kwa msewu, kotsika popita, kokwera pobwera.

Ndiye kunabwera mwana wathu wamkazi wamkulu, uja munamutcha Majisitireti ali wamng'ono chifukwa choweruza milandu ya amphaka. Dzinalo silinamuchoke. Anakhala pampando wanga, chikwama pamiyendo, madzi akumwa anakana.

"Bambo, amayi akutuluka Loweruka. Ndikabwera nawo pano n'kupeza mpopi palibe pakhomo, sindiwatsitsa m'galimoto. Tikakhala nawo kwathu."

"Mpaka liti?"

"Mpaka."

Kwawoko ndi nyumba zosanjikizana, m'mwamba mwenimweni momwe akhwangwala amakudutsa pawindo. Madzi otentha ndi ozizira amatuluka m'khoma. Chipinda chotsala ndi chimodzi, kama wake wa munthu mmodzi, ndiye mwaona kale kuti ine pamlanduwu dzina langa silinalembedwe. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, n'kumuuza kuti, "Watenge mayi akowo, mwana iwe, nane ndipumeko. Ndizigona chopingasa pakama, wailesi ndizitsegula mpaka kumapeto, ndipo palibe wondiwerengera masupuni a shuga." Komabe poti ndine munthu wachifundo, ndinati mpopiwo ndiuike ndithu, mwanayo angamavutike ndi mayi wolongolola.

Kuofesi ya zamadzi anandilandira bwino. Mayi wa pawindo anati, "Agogo, ife tikuikirani mita pamphambano, pamene padutsa paipi yaikulu. Kuchoka pamenepo kukafika kwanu, thirenchi ndi yanu." Ndinathokoza mwaulemu ngati ndamva. Chizungu changa mukuchidziwa, chinathera sitandade sikisi, ndipo nacho china ndinabwereketsa osabwezedwa.

Madzulo ndinakoka mkamwini wathu, mwamuna wa Majisitireti, munthu wofatsa amene amapepesa ngakhale kwa chitseko akachigunda. Ndinati andifunsire foni yake.

"Bambo, ndi ngalande. Dzenje lalitali koma lopapatiza."

"Basi? Chizungu chonsecho n'cha ngalande?"

"Pali zinanso, bambo."

Anandiwerengera. Akuti ndi ngalande yokwiriramo mapaipi ndi mawaya, ndi yomwe amakumba omanga nyumba asanathire maziko, ndi ya alimi yoyendetsera madzi kumunda. Akuti asilikali a nkhondo zakale ankakumba zawo n'kukhala momwemo miyezi, matope m'maondo, makoswe ngati alendo a tsiku ndi tsiku, ndipo mpaka lero Azungu akafuna kutama munthu wogwira ntchito yakalavulagaga amati ali m'thirenchi, ngakhale ntchito yake ili ya pampando. Akuti pansi pa nyanja yamchere pali zigwa zozama zoti phiri lingamiremo nsonga osaoneka, dzina lake lomwelo. Pomaliza anandionetsa chithunzi cha jasi lalitali la lamba m'chiuno, nalonso akuti limatchulidwa ndi dzina limenelo chifukwa cha asilikali aja.

Ndinati anthu awa ndi amphawi a mawu. Liwu limodzi kulisenzetsa paipi, nkhondo, nyanja ndi jasi, ngati bulu wa pamudzi wopanda ngolo. Ife ngalande ndi ngalande, khwawa ndi khwawa, dzenje ndi dzenje, aliyense amagona kwawo. Koma nditagona nalo liwulo ndinaona kuti lili ndi ntchito yake. Ukauza nkhalamba kuti tiyeni tikakumbe ngalande, pomwepo msana umayamba kuipweteka. Ukati tikakumbe thirenchi, imakufunsa kuti tivale chiyani.

Mawa lake ndinatulutsa jasi lija munanditumizira chaka chozizira chija, ndinamanga lamba, n'kupita pashedi ya a Lezala, ometa tsitsi, pamene timaseweretsa makhadi. Dzuwa linali lowotcha moti agalu anali malilime panja, ine jasi mpaka m'akakolo. Ndinawafotokozera za asilikali, za makoswe ndi za pansi pa nyanja. Pomaliza nkhalamba zonse za pashedi zinali zitaimirira. A Lezala anatseka shedi, kasitomala wina atametedwa mbali imodzi. A Levulo, mmisiri womanga nyumba uja anapuma ntchito maso atayamba kuchita nkhungu, anakatenga piki yawo pansi pa kama.

Apulambala anabwera ndi paipi yakuda yokulungiza. Anayeza ndi tepi kuchoka pa mita, kudutsa pabwalo la amakanika, kulambalala khoma lathu la kumsewu, kukhota kamodzi kokha kuseri mpaka pakhomo la kukhichini.

"Agogo, ikhale yowongoka, kuya kwake kufika m'bondo. Paipi iyi ndiyo inatsala kusitolo, ina akuti ifika mwezi wamawa. Yangokwanira ndendende. Ine ndibwera Lachisanu masana kudzaiyala."

"Mwana wanga, ukulankhula ndi munthu amene sanakhotepo chibadwire."

"Ndi zomwe ndikuopa, agogo."

Tinagawana magulu awiri. A Lezala ndi anthu awo ayambire ku mita, a Levulo ndi anthu awo ayambire kunyumba, tikakumane pakati. Ine ntchito yanga inali kuyendera magulu onse ndi kuimba wezulo. Kuti tiwongole njira pankafunika chingwe. Changa chinali chachifupi, ndiye ndinamasula cha alamu anu choyanikira zovala, zikhale ziwiri, china kuchoka uku, china kuchoka uko. Vuto linali pakati pamene zingwezo zikumane. Bwalo la amakanika lauma ngati konkire chifukwa cha oilo ndi miyala, chikhomo tinachikhoma mpaka chinasweka mutu, osalowa.

Tsono galimoto yobiriwira ija mukuikumbukira? Munaipeza pabwalo pomwepo ulendo uja munabwera Majisitireti asanakwatiwe, ndipo inali itakalamba kale. Matayala anaphwa, udzu unamera mu injini, nkhuku za mumsewu muno zonse zinabadwira pampando wa dalaivala. Mlendo akafunsa njira timati mukafika pagalimoto mukhotere kumanja. Mwini wake analonjeza kuti adzaitenga mawa, ndipo mawa lakelo tikulidikirabe. Nditatsinzina diso limodzi ndinaona kuti yaima pamzere penipeni. Ndinamangirira zingwe zonse ziwiri pa bampala yake, n'kunena mokweza kuti, "Chikhomo choposa ichi kulibe. Mapiri angasunthe, iyi ayi. Tikaifika tidzaikankhira pambali n'kulumikiza."

Tsiku limenelo tinangokanda pang'ono kumapeto konse kuwiri, kenako tinabalalika kukapaka mafuta m'misana.

Zimene zinachitika m'mawa mwake ife tisanafike ndinazimva pambuyo pake, koma ndikuuzani pano kuti museke nthawi yabwino. Amakanika, munthu wamtima wabwino kuposa nzeru, anamva mawu anga aja oti tidzaikankha. Anati nkhalambazi zingathyoke. Analawirira, anamangirira galimoto ija ku lole yomwe ankakonza, anaikokera kumpanda, kutali ndithu ndi pamene inali. Ndipo poti ndi munthu waulemu, zingwe zathu anazimasula bwinobwino, atatha kukoka anazimangiriranso pa bampala pomwe anazipeza. Pamene zinaperewera anawonjezera waya wake. Atatero anakwera basi kukasaka zipangizo kutali, mtima uli mbee kuti wathandiza anthu.

Mudzafunsa kuti nanga inu simunaone? Mlongo wanga, mphuno yanu munaiona liti komaliza? Chinthu chikakhala malo amodzi zaka zonsezo, maso amasiya kuchiyang'ana. Tinafika, tinaona galimoto ilipo, zingwe zili gwa, tinalavulira m'manja. A Levulo okha ndi amene anaima kaye, dzanja pachipumi.

"Akulu, kodi dzulo chingwechi sichinkadutsa kumanzere kwa mpapaya uwo?"

"A Levulo, maso anu aja anakuchotsetsani ntchito ndi omwe mukufuna tiwakhulupirire? Msilikali safunsa. Kumbani."

Anakumba. Ndipo kukumba kwake, mlongo wanga, ndikanakonda mukanaona. Nkhalamba zopanda mano zikuponya dothi ngati anyamata, uyu akuimba, uyo akutukwana mwala. Magulu awiri aja ankanyozana mokuwa kudutsa bwalo lonse.

"Inu a kumita, mukukumba kapena mukupesa dothi?"

"Ife tafika m'bondo. Inu bondo lanu ndi la nkhuku?"

"A Lezala, pikiyo igwireni ngati piki, si mutu wa kasitomala."

Amayi a mumsewu anatibweretsera tiyi ndi mabanzi, ana a sukulu podutsa ankatichitira sawasha. Liwu lija linafala msewu wonse. Mwana akagwa, amake amati wagwera m'thirenchi. Agolosale anayamba kunena kuti bizinesi yawo ili m'thirenchi. Ngakhale abusa anaima ndi njinga yawo, anasuzumira, n'kunena kuti apeza ulaliki wa Lamulungu. Ine ndinkayenda uku ndi uko m'jasi langa, thukuta likutsikira m'nsapato, ndipo sindinagwire fosholo chifukwa wolamula akatopa nkhondo yatha.

Lachisanu dzuwa lili pamutu, magulu awiri aja anakumana pagalimoto, ndendende, osaphonyana ngakhale chala. Tinagwirana manja ngati anthu osiyana kalekale. Kenako tonse tinaika mapewa pagalimoto, nkhuku zikuthawa ndi mawindo, tinaikankhira chapakati pa bwalo kuti tilumikize ngalande. Inalira, inakana, kenako inayenda n'kukakhazikika m'maenje anayi omwe matayala ake anangolowamo bwinobwino ngati phazi mu nsapato yakale. A Levulo anayang'ana maenje aja, kenako anandiyang'ana ine.

Apulambala atafika anaika paipi pansi, anakwera pa mulu wa dothi, anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anavula chipewa.

"Agogo, ichi ndi chigongono cha ndani?"

Ndinakwera nanenso. Thirenchi yathu inachoka pa mita bwinobwino, kenako inapatuka ngati woledzera waona bala, inakapsompsona mpanda wa amakanika, n'kubwerera kunyumba kwathu. Ndipo galimoto inali phee pamalo pake pa masiku onse, nkhope yosalakwa. Tinayamba kulozana zala. Ena ankati chingwe cha alamu anu chinazolowera kupindika ndi mabulangete. Mkangano uli mkati amakanika anatulukira, thumba la zipangizo paphewa.

"Ndani wabweza galimotoyi? Ine ndinavutika nayo dzulo m'mawa kukuchotserani panjira."

A Lezala anayamba kuseka, anakhala pansi, anagona chagada m'dothi, ndipo onse anatsatira. Ine ndekha sindinaseke msanga, chifukwa apulambala anali atayamba kuyala paipi ndipo ndinkaiona ikuchepa m'manja mwawo. Inadutsa chigongono chija, inalowa pampanda wathu, inafika pakhoma la kumsewu pansi pa windo la pabalaza, n'kuthera pomwepo. Khomo la kukhichini, lokhalo lolowera m'nyumba mwathu, linali kuseri, kuzungulira nyumba yonse, ndi masitepe ake aja.

Kukumbanso njira yowongoka kunali kosatheka. Bwalo louma lija likanatidya masiku, manja a anthu anali matuza okhaokha, ndipo Loweruka linali mawa. Ndinakhala pamphepete pa ngalande, miyendo m'kati. Fumbi la tsiku limenelo linali loipa, linkalowa m'maso kwambiri.

A Levulo anabwera kudzakhala pambali panga. Anayang'ana khoma nthawi yaitali.

"Akulu, chimene mukufuna n'chakuti mayi asayende ndi ndowa, si choncho?"

"N'chomwecho."

"Ndiye paipi yakana kupita kukhomo. Koma windo ilo mukuliona? Windo ndi khomo lomwe silinamalize kukula."

Mlongo wanga, maso a munthu ameneyu ali ndi nkhungu, koma manja ake amaona. Anatenga hamala ndi tchizulo, anazula windo ndi felemu yake, anagumula njerwa za pansi pake mpaka pansi. Ena anakazula chitseko cha kukhichini, tinachinyamula ngati wodwala kuzungulira nyumba, n'kudzachiimika pamene panali windo. Windo tinalipititsa pamene panali chitseko, njerwa zomwe zija a Levulo anazimangira pansi pake. Amakanika, pofuna kufafaniza tchimo lawo, anathamangira simenti ndi wilibala. Ndiye poti khomo la kukhichini silingalowe pabalaza, tinasamutsanso zipinda. Mbaula, mapoto ndi kabati ya mbale zinapita pabalaza, mipando ndi wailesi zinapita kukhichini. Apulambala anaimika mpopi pambali pa chitseko, poti munthu ataima pakhomo angotambasula dzanja. Akumanga ankangopukusa mutu, amvekere ntchito iyi sadzaiuza munthu chifukwa palibe angakhulupirire.

Loweruka m'mawa tikukwirira ngalande, galimoto ya mkamwini inaima pamsewu. Asilikali anga onse anabisala kuseri kwa galimoto yobiriwira, mitu yokha ikuoneka. Majisitireti anatsika yekha.

"Amayi, bakhalani momwemo."

Anazungulira kuseri monga mwa masiku onse. Tinamva nsapato zake zikukwera masitepe, kenako zinaima. Anabwerera pang'onopang'ono.

"Bambo, khomo lili kuti?"

"Lasamuka, mwana wanga. Latsatira madzi."

Anayang'ana chitseko, anayang'ana mpopi, anayang'ana simenti yosauma yomwe nkhuku inali itasainapo kale ndi mapazi. Anatsegula pakamwa kuti agamule. Koma alamu anu samva za kubakhala. Anali atatsika kale, ndodo ya kuchipatala dzanja ili, mkamwini dzanja linalo akuwapepesa paliponse pamene aponda. Aonda, mlongo wanga, diresi lawo la maluwa lija likuchita kuwalendewera, koma diso ndi lomwe lija. Anafika pakhomo latsopano, anasuzumira m'kati. Anaona kabati yawo pamene pankakhala wailesi, mapoto awo atapachikidwa pansi pa chithunzi chathu chija.

Anatambasula dzanja, anapotokola mpopi. Unatsokomola, unabuula ngati a Lezala akamadzuka pampando, unalavula matope pansapato za mkamwini, iye n'kuupepesa. Kenako madzi anabwera, oyera, amphamvu. Alamu anu anatchera dzanja, anasamba kumaso, anatcheranso, anamwa.

"Amayi," anatero Majisitireti, "simenti sinaume, fumbi lili ponseponse, nyumba aitembenuza. Tiyeni kwathu, mukapume bwino."

Alamu anu anatseka mpopi, anapukuta dzanja pa diresi.

"Mwana wanga, ndachoka masabata ochepa chabe, ndapeza khomo lasamuka. Ndikapita kwanuko ndidzapeza denga lili pansi, bambo akowa akuti amafupikitsira mvula njira. Munthu uyu si wosiya yekha. Tsitsa chikwama."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu, vulani chijasicho. Mukununkha ngati tonde."

Ndinavula pomwepo. Kuseri kwa galimoto kunaphulika nthungululu za nkhalamba zopanda mano, ndipo ndinaona Majisitireti akutembenukira kumbali kubisa kuseka, zomwe sanachitepo pamlandu uliwonse.

Tsono pempho langa ndi ili. Mafuta opaka aja a fungo loyabwa m'maso, mutumize mabotolo angapo, chifukwa gulu langa lonse likuyenda chowerama ngati likusaka ndalama yotayika, ndipo akazi awo akundiyang'ana ndi diso loipa. Chingwe choyanikira zovala mutumizenso ngati kumeneko ziliko zolimba, chija amakanika anachidetsa ndi oilo ndipo mlandu wake sunathe. Koma chachikulu, bwerani. Maondo anuwo musawanamizire, basi ndi imene imayenda. Mukafika pagalimoto mukhotere kumanja monga kale, koma musakagogode kuseri, mudzagogoda windo.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti makhadi aja anandibera sindinaiwale. Moni kwa ana ndi adzukulu onse, ndi kakhanda kaja sindinakaone. A Levulo akuti moni, a Lezala akuti moni, amakanika akuti mukabwera adzakuperekezani pagalimoto yobiriwira ikadzakonzedwa. Alamu anu akupereka moni wambiri. Pamene ndikulemba pano akhala pakhomo pawo pampando wa nsungwi, mwendo pa kampando, akutsuka kapu yomwe ndi yoyera kale. Angondikuwira kuti awona masupuni a shuga amene ndathira mu tiyi, ndipo ndibweze imodzi. Sindikudziwa kuti shuga wosungunuka amabwezedwa bwanji, koma ndayankha kuti chabwino.

Ine mlongo wanu wosamva uja.

Ndatsala pang'ono kumata envulopu, koma inu mumandigwira bodza ngakhale papepala, ndiye ndiulule ndekha. M'kalata muno muli chinthu chimodzi chopeka. Si galimoto, imeneyo mboni zilipo. Si khomo, mudzaligwira ndi manja anu. Ndi mawu aja ndati ndinamuyankha Majisitireti, a kugona chopingasa ndi wailesi. Sindinanene. Atati "mpaka," ine ndinangoimirira. Ndinatuluka, ndinakaima kuseri pamene alamu anu amavundikira ndowa zawo, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka mwanayo anapita. Masabata onse aja ndinkagona kumbali yanga ya kama, kwawoko osakhudzako. Izi musawauze, angayambe kudzimva.